Dambo la Hornborga ndi Anthu Oŵerenga Mbalame

Mwezi wa Malichi ukafika, ife kuno kwathu timakhala tikuotcha chimanga chachiŵisi ndi kuphika maungu, mvula ya dzinja ili pafupi kutsazika. Nthaŵi yomweyo anthu a m'chigawo cha Västergötland, kumwera kwa dziko la Sweden, amatuluka m'nyumba atavala zikhoti zokhuthala, maso ali kumwamba, makutu ali tcheru. Chimene amadikira ndi kulira kwa mbalame ina yaikulu imene imabwera chaka ndi chaka kudzatera pa nyanja yaing'ono yotchedwa Hornborga. Munthu akangoimva amauza mnzake, mnzakeyo nauza wina, ndipo posakhalitsa nkhani imamveka pa wailesi ndi m'manyuzipepala kuti chisanu chayamba kugonja.

Aŵerengi ena afunsa kuti, kodi za mbalame za kutali chotere zitikhudza bwanji ife? Yankho langa ndi ili: nyanja imeneyi idaphedwa ndi eni ake chifukwa cha njala, ndipo idadzaukitsidwa ndi zidzukulu zawo patapita zaka zambiri, pamtengo wokwera. Amene adayamba kulira maliro ake adali anthu wamba okhala ndi chizoloŵezi choyenda panja, kuyang'ana, ndi kulemba zimene aona. Ganizo limene ndifuna kuliteteza m'nkhani ino ndi lakuti dambo limasungidwa ndi anthu amene amalidziŵa, ndiponso kuti kulidziŵa kumeneko kumayambira pa mphunzitsi ndi ana ake.

Nyengo ya mphukira

Tisanafike pa mbalame, tiyambe tamvetsa nyengo. Ife tidazoloŵera dzinja, masika, chisanu ndi chilimwe, ndipo chimene chimalamulira nyengo zathuzi ndi mvula. Kumpoto kwa Ulaya mfumu ya nyengo ndi dzuŵa. Ku Hornborga, m'mwezi wa Disembala, dzuŵa limatuluka nthaŵi ili pafupi kukwana 9 koloko m'maŵa ndi kuloŵa itangopitirira 3 koloko masana, kotero kuti usana wonse sukwana maola 7. Madzi a m'nyanja amaundana n'kulimba ngati mwala. Nthaka imauma gwa, mitengo yambiri imayoyola masamba, ndipo chipale chofeŵa chimakuta minda. Achule amabisala, tizilombo touluka timasoŵa, mbalame zambiri zimathaŵira kumwera.

Tsono Malichi akafika, usana umatalika mofulumira, pafupifupi mphindi 5 tsiku lililonse, kufikira pa 20 kapena 21 mweziwo pamene usana ndi usiku zimalingana. Chipale chimasungunuka, timitsinje timadzaza, madzi nasefukira m'madambo ndi m'mabusa a m'mbali mwa nyanja. Nyengo imeneyi ilibe dzina lenileni pa Chicheŵa pakuti kwathu kuno kulibe. Tiitche nyengo ya mphukira, popeza ndiyo nthaŵi imene zomera zimaphukira. Akatswiri a zanyengo a ku Sweden ali ndi muyeso wake. Iwo amati nyengoyi yayamba ngati kwa masiku 7 otsatizana kutentha kwa tsiku, mutaphatikiza usana ndi usiku, kwapitirira mlingo umene madzi amaundanira.

Chiyambi cha nyengoyi sichokongola monga m'mene tingaganizire. Udzu umakhala ukadali wofiirira, mabango a chaka chatha ali chigonere, mphepo ikubaya m'mafupa, matope ali ponseponse. Koma akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu woima phee m'mbali mwa dambo amaona misondodzi ikutulutsa timaluŵa taubweya masamba asanabwere, ndi njuchi zazikulu zimene zidagona m'nthaka chisanu chonse zikudzuka kudzamwa pamenepo. Nsomba yolusa yotchedwa gädda imasiya madzi akuya n'kukwera m'udzu womira kukaikira mazira, pakuti madzi osaya ndiwo amayamba kufunda. Achule amasonkhana m'zithaphwi, ndipo amphongo a mtundu wina amasintha khungu n'kuoneka ngati thambo kwa masiku oŵerengeka okha, nthaŵi yoswana. Chakumadzulo agwape amatuluka m'thengo kudzadya msipu woyamba, ndipo wamwayi akhoza kuona älg, nyama yotalika kuposa ntchefu, ikuthyola nsonga za zitsamba. Paliponse pamene madzi oundana ang'ambika pamatera abakha, atsekwe, ndi mbalame zoyera za makosi aatali zolira ngati malipenga.

Kufika kwa atrana

Koma mwini bwalo ndi mbalame ija anthu amaidikira. Eni dziko amaitcha trana, Angelezi amati crane, ndipo m'mabuku a sayansi imalembedwa kuti Grus grus. Amene adaonapo mbendera ya dziko la Uganda akudziŵa mbale wake, pakuti mbalame yachisoti imene ili pakati pa mbenderayo ndi ya banja lomweli. Trana wa ku Ulaya ndi wotuŵa ngati phulusa, khosi lake ndi lakuda la mzere woyera, ndipo pamutu ali ndi kadazi kofiira. Ataimirira amapitirira mita imodzi, akatambasula mapiko amakwana mamita 2 kapena kuposa. Mawu ake amamveka kutali zedi chifukwa kholingo lake ndi lalitali, lopindika m'kati mwa fupa la pachifuŵa monga lipenga la asilikali.

Atrana ofika ku Hornborga amakhala atathera chisanu makamaka ku Spain, m'chigawo cha Extremadura, kumene amatola mbewu zogwa m'mitengo ndi zotsalira m'minda. Pobwerera amadutsa France ndi Germany, napuma kufupi ndi chilumba cha Rügen, kenaka amaoloka nyanja ya Baltic. Oyamba amafika chapakati pa Malichi, ndipo chiŵerengero chimanka chikwera kufikira kumapeto kwa mweziwo kapena kumayambiriro kwa Epulo. M'chaka cha 2019 adaŵerengedwa oposa 27,000 tsiku limodzi. Aliyense amakhalapo sabata imodzi kapena ziŵiri, kudikira kuti madambo a kumpoto, a m'Sweden momwemo ndi a ku Norway, kumene amakaswera, asungunuke.

Chimene chimakoka anthu ndi gule wawo. Trana wamwamuna ndi wamkazi amaimirira moyang'anana, amaŵeramirana, kenaka mmodzi amadumpha mapiko ali otambasuka, natola kaudzu kapena kamtengo n'kukaponya m'mwamba. Mnzake amayankha, oyandikana nawo amatengera, ndipo posakhalitsa gule amafalikira m'gulumo monga moto wa lupsa. Nthaŵi zina aŵiriwo amakweza milomo kumwamba n'kulira pamodzi mopokezana. Mbalamezi zikakwatirana zimakhala limodzi zaka zambiri. Zimaikira mazira aŵiri pa chulu cha udzu pakati pa madzi, ndipo mwamuna ndi mkazi amasinthana kufungatira kwa mwezi wathunthu.

Kumwera kwa nyanjayi kuli malo oonerera otchedwa Trandansen, kutanthauza kuti gule wa atrana. M'masabata oŵerengeka ameneŵa pamafika anthu oposa 100,000: agogo a ndodo, ana a sukulu, makanda ofundidwa mabulangete, onse atanyamula khofi wotentha ndi buledi. Palibe amene amadumpha mpanda. Ofuna kujambula pafupi amaloŵa m'tizisakasa kusanache, ndipo saloledwa kutuluka kufikira mdima utagwa, kuopa kudzidzimutsa mbalame. Dzuŵa likamaloŵa atrana amanyamuka magulumagulu kukagona choimirira m'madzi osaya, kumene nkhandwe singawafike mwakachetechete. Apa ndi pamene pali ntchito imene ine ndimaiona kuti ndiyo mtima wa nkhani yonseyi. Anthu odzipereka amaima pamalo okwera ndi magalasi oonera patali, zala zili zii ndi chisanu, kuŵerenga mbalame zikuuluka, madzulo ndi madzulo, chaka ndi chaka. Chiŵerengero chimene apeza chimalembedwa m'buku ndi kulengezedwa kwa onse.

Ubale wa anthu ndi mbalameyi ndi wakale. Makolo awo ankati trana amabweretsa kuŵala, kutanthauza kuti kuyambira pa 25 Malichi munthu ayenera kukagona kusanade, osaononganso mafuta a nyale. M'madera ena ana ankathamanga panja opanda nsapato tsiku limeneli pokhulupirira kuti akatero sadwaladwala chaka chimenecho, ndipo kum'maŵa chakumwera kwa dzikolo ana amapachika sokosi usiku kuti m'maŵa apezemo maswiti amene trana wawasiyira.

M'mene nyanja idafera

Komatu nyanja imene anthu amathamangira kukaiona lero idatsala pang'ono kufafanizika pa mapu. Sweden amene timamudziŵa ngati dziko lolemera adali dziko la alimi osauka. M'chaka cha 1800 mudali anthu pafupifupi 2.3 miliyoni, ndipo pofika 1900 adapitirira 5 miliyoni. Pakati pa 1867 ndi 1869 kudagwa njala yoopsa, ndipo kuyambira 1850 mpaka 1930 anthu oposa miliyoni imodzi adasiya kwawo kupita ku America. Pa nthaŵi yotere dambo lidaoneka ngati malo ongokhala, ndipo nyanja yosaya idaoneka ngati munda wobisika pansi pa madzi. Motero nyanja pafupifupi 2,500 m'dziko lonselo zidatsitsidwa kapena kuumitsidwa pokumba ngalande.

Hornborga idatsitsidwa kasanu, koyamba mu 1802, komaliza mu 1933. Nanga bwanji kasanu? Chifukwa chimodzi chili m'nthaka yomweyo. Nthaka ya m'dambo lotere imapangidwa ndi zomera zakufa zimene sizidaolerere chifukwa chomira m'madzi. Mukachotsa madzi, mpweya umaloŵa, zomerazo zimaola, nthaka imafota n'kutsika. Munda umene udauma chaka chino umayambanso kudikha patapita zaka zingapo, ndipo mwini wake amapempha kuti ngalande ikumbidwenso mozama. Ndi ntchito yofanana ndi kutunga madzi ndi dengu.

Itatha ntchito ya 1933, madzi a mitsinje adayamba kungodutsa m'ngalande osaima m'nyanja. Chilimwe chikafika pansi pa nyanja pankaonekera, ndipo pamatope pamenepo padamera mabango, mlulu ndi zitsamba, mpaka madzi oyera adatsala pang'ono chabe. Minda imene idapezeka sidafike pa zimene anthu adayembekeza, pamene nsomba zidachepa, ndipo mitundu yambiri ya abakha ndi mbalame zina zam'madzi, imene idatchukitsa malowo ku Ulaya konse, idaleka kuswerapo. Adataya nyanja, munda wokhutiritsa osaupeza.

Amene adaidzutsa

Mwa anthu amene adakana kuvomereza imfa imeneyi, wodziŵika kwambiri ndi Per Olof Swanberg, dokotala wa mano wa m'tauni ya Skara. Akaŵeruka ku ntchito ankapita m'mabango kukaŵerenga mbalame, kujambula zithunzi ndi kulemba. Iye ndi anzake sadangodandaula kuti kale zinthu zidali bwino, monga timachitira ambirife. Ankatha kutchula mtundu wa mbalame umene wasoŵa, chaka chimene udalekera kuswa, ndi m'mene mabango adafalikira. Mawu okhala ndi manambala ndi ovuta kuwakankhira kumbali. Chapakati pa zaka za m'ma 1960 boma lidalamula kuti pachitike kafukufuku woona ngati nyanjayo ingabwezedwe, ndipo katswiri wa zanyanja wa ku yunivesite ya Lund, Sven Björk, adathandiza kupeza njira zake. Mu 1974 Hornborga idalembedwa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse, pansi pa pangano limene maiko adasainirana mu 1971 mu mzinda wa Ramsar ku Iran.

Ngakhale zidatero, mkangano udatenga zaka zambiri. Madzi akwezedwe kufika pati? Eni minda imene imire alipidwe zingati? Pomaliza ntchito idagwiridwa. Makina oyenda pamadzi ndi pamatope adadula mabango, otsala adatenthedwa, mizu yake idaphwanyidwa. Zitsamba zidazulidwa, ngalande zakale zidakwiriridwa, ndipo potulukira madzi padamangidwa khoma lokhala ndi zitseko. Pakati pa 1992 ndi 1995 madzi adakwezedwa ndi masentimita 85. Lero nyanjayi ndi yotambalala pafupifupi masikweya kilomita 30, ndipo m'malo ambiri kuya kwake sikufika mita imodzi. Mbalame zam'madzi zidabwerera kudzaswa.

Mwambi wathu umati madzi akatayika saoleka. Ku Hornborga adayesa kuwaola, ndipo adathadi, koma taonani mtengo wake: zaka 131 zoononga, zaka pafupifupi 30 zokonza, ndi chuma chimene ndi boma lolemera lokha lingathe kutulutsa. Ngakhale lero nyanjayi imadalira manja a anthu kuti mabango asaikutenso.

Pano ndiyenera kunena chilungamo, kuti ndisakometse nkhani kuposa m'mene ilili. Atrana sadaleke kufika ngakhale pamene nyanja idali itadwala. Chimene chinkawakoka ndi mbatatesi zotsalira m'minda ya Dagsnäs ndi Stora Bjurum, kumene ankazilima kuti azitchezera moŵa waukali. Ulimi umenewu utatha m'zaka za m'ma 1970, anthu adayamba kumwaza balere pamalo amodzi, ndipo masiku ano amamwaza matani oposa 100 nyengo iliyonse. Kuchuluka kwa atrana kwadza chifukwa cha chakudya chimenechi, ndiponso chifukwa maiko a ku Ulaya adaleka kuwasaka. Komabe khamu lodzaona gule ndilo lidapatsa nyanja abwenzi ambiri, ndipo abakha ndi achule, amene palibe amawaombera m'manja, adapindula nawo.

Kumene chizoloŵezi chimachokera

Anthu ngati Swanberg sagwa kuchokera kumwamba. Ku Sweden kuli mwambo wotchedwa allemansrätten, ufulu wa munthu aliyense, umene mu 1994 udalembedwa m'malamulo aakulu a dzikolo. Munthu akhoza kuyenda m'nkhalango kapena m'dambo la mwini, kuthyola zipatso zam'thengo ndi bowa, ngakhale kugona usiku umodzi m'hema, malinga asayandikire nyumba, asaponde mbewu, asasokoneze ndipo asaononge kanthu. Malo oswera mbalame amatsekedwa nthaŵi yake ikafika, ndipo anthu amamvera. Sukulu zili ndi masiku amene ana amasiya makalasi n'kupita kuthengo tsiku lonse, kugwe mvula kapena chipale.

Nakonso kulemba n'kwakale. Carl von Linné, amene ophunzira sayansi ya zamoyo amamudziŵa chifukwa cha njira yotchulira chamoyo chilichonse ndi maina aŵiri, adapempha anthu m'malo 18 a dzikolo, cha m'ma 1750, kuti azilemba masiku amene mitengo ikuphukira. Mwana wokula m'dziko lotere amazoloŵera kuti kuona kanthu n'kukalemba ndi ntchito yolemekezeka. M'mera mpoyamba.

Zonena za otsutsa

Ndikudziŵa kuti pali zonena zitatu zimene aŵerengi anzeru angandiponyere, ndipo sindizipeputsa.

Choyamba, wina ati: amenewo ndi anthu okhuta, munthu wanjala saonerera gule wa mbalame. Ndi zoona kuti njala ilibe maso. Koma takumbukirani kuti amene adakumba ngalande zija adali anjala, ndipo ngalandezo sizidawakhutitse monga adayembekezera. Dambo lamoyo ndi nkhokwe. Nyanja yathu ya Chilwa, imene idaloŵa m'kaundula womwe uja wa Ramsar, imapereka matemba, makumba ndi milamba, mpunga wa m'mbali mwake, njedza, msipu, ndi mbalame zandiwo. Pamene idaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, amene adayamba kulira adali asodzi, amayi ogulitsa nsomba ndi eni mabwato. Kuphwa kumeneko kudadza ndi chilala, pakuti nyanjayi ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulukamo. Mvula itabwera madzi adabwerera. Koma dothi lokokoloka kuchokera m'mapiri odulidwa mitengo ndi m'minda yolimidwa mpaka m'gombe la mtsinje likadzaza dambo, mvula silichotsa. Wolemera akhoza kugula nyanja yake kachiŵiri, monga adachitira Aswidishi. Wosauka alibe mwayi umenewo, choncho ndiye woyenera kusamala koposa. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Chachiŵiri, wina ati: nanga mlimi amene mbalame zikumudyera mbewu? Dandaulo limeneli liliko ngakhale ku Hornborga, kumene atrana ndi atsekwe amaononga minda yongobzalidwa kumene. Balere uja amamwazidwa osati chifukwa cha alendo okha, komanso kuti mbalame zikhale pamalo amodzi zisabalalikire m'minda, ndipo boma lili ndi njira yothandizira alimi oonongeredwa. Komanso anthu sadathamangitsidwe m'mbali mwa nyanja. Ng'ombe zimadyetsedwa m'mabusa a m'gombe mwadala, pakuti popanda kudya kwake mabango ndi zitsamba zimalanda malo, mbalame zoyenda m'matope n'kusoŵa poswera. Kusunga dambo sikutanthauza kulitchingira eni ake. Kumatanthauza kudziŵa mlingo wa chimene lingapereke popanda kufa, ndipo mlingo sudziŵika popanda kuŵerenga.

Chachitatu, wina ati: kuŵerenga mbalame ndi maseŵera a Azungu, si mwambo wathu. Apa ndiye ndikana kwamtuwagalu. Makolo athu adali akatswiri oyang'ana. Adapatsa maina mvula zosiyanasiyana, monga chizimalupsa. Ankadziŵa kuyandikira kwa dzinja poona kuphukira kwa mitengo ndi kumva kulira kwa mbalame. Ankadziŵa mwezi umene nsomba zimakwera mitsinje. Chimene chidasoŵa ndi cholembera chokha, ndipo nkhalamba ikamwalira nzeru zake zimapita nayo kumanda. Dambo lalikulu la kumunsi kwa Shire limatchedwa Elephant Marsh chifukwa mu 1859 gulu la David Livingstone lidaonapo njovu pafupifupi 800. Lero njovu kulibe kumeneko. Tikudziŵa kukula kwa chimene tidataya chifukwa chakuti munthu wina adaŵerenga nalemba.

Kwa aphunzitsi ndi otsiriza sukulu

Tsono pempho langa ndi laling'ono, losafuna ndalama za boma kapena thandizo lakunja. Pafupifupi sukulu iliyonse m'dziko muno ili kufupi ndi dambo, mtsinje kapena dziŵe. Mphunzitsi agule kope limodzi lachikuto cholimba, likhale la sukulu, osati lake. Azike mtengo wolembedwa masentimita pamalo amodzi m'dambomo. Kamodzi pamwezi, masana, atenge ana apite kumeneko, alembe tsiku, kuya kwa madzi, mbalame zimene aona ndi kuchuluka kwake, maluŵa amene atuluka, ndi pamene minda yafika. Mbalame imene sadziŵa dzina lake aijambule, akafunse agogo kumudzi, dzina la Chicheŵa, la Chiyao, la Chitumbuka kapena la Chilomwe lilembedwe pambali pake. Kumene kuli kalabu ya zachilengedwe, monga zija zimathandizidwa ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, ntchitoyi ipatsidwe kwa iyo. Mphunzitsi akasamutsidwa, kope litsale.

Chaka choyamba kopelo lidzaoneka lopanda pake. Chaka chachisanu lidzayamba kulankhula. Chaka cha khumi, pamene mfumu ndi anthu ake adzakhala pansi kukambirana ngati pakati pa dambo pagaŵidwe minda, kapena ngati misampha ya mbalame ipume miyezi yoswera, padzakhala umboni umene palibe angautsutse ndi mawu okha. Pa nthaŵi yomweyo ana adzakhala ataphunzira masamu, sayansi ndi kalembedwe pa chinthu chimene akuchiona ndi maso.

Inu amene mwatsiriza sukulu ndipo mukudikira ntchito kumudzi, sindikulonjezani malipiro. Koma ndinu amene mumatha kulemba pakati pa asodzi, osaka ndi alimi a m'dimba, ndipo makomiti a m'midzi oyang'anira nsomba ndi mbalame amasoŵa mlembi wokhulupirika. Swanberg adali ndi ntchito yake ya mano; za mbalame adayamba kuzichita pa nthaŵi yake yopuma. Munthu amene amadziŵa dambo lake ndi manambala amamvedwa pabwalo, ngakhale akhale wamng'ono.

Pofika kumapeto kwa Epulo atrana amakhala atachoka ku Hornborga, alendo atabwerera kwawo, mabusa atabiriŵira. Pamenepo anthu a kumeneko amayamba kudikira mlendo wina, namzeze wa mchira wamphanda ndi pakhosi pofiira, amene amamanga zisa m'makola a ng'ombe. Mtundu womwewo wa namzeze ndi umene timauona pa mawaya ndi pamwamba pa madambo athu kuyambira Okutobala, ndipo umatichokera mvula ikamatha, kupita kukaswera ku Ulaya ndi ku Asia. Tsiku limene woyamba adzafike ku Västergötland lidzalembedwa m'buku, monga lakhala likulembedwa zaka zambirimbiri. Ndi bwino kuti tsiku limene adzanyamuke kuno lilembedwenso, ndi dzanja la mwana wa sukulu ya kwathu.